Petulo wotchipa uja ankathandiza ndani kwenikweni?

Aphunzitsi Phiri, Matawale:
Abale anga a pagulu pano, ndikudziwa kuti mitima ikuwawa ndi kukwera kwa mtengo wa mafuta a galimoto, ndipo ena mundikalipira, koma ndiloleni ndinene zakukhosi. Kuchokera mu Novembala 2023 petulo anaima pa K2,530 lita imodzi, dizilo pa K2,734, mpaka mu Okutobala 2025 pamene MERA, bungwe loika mitengo ya mafuta, inakweza kufika pa K3,499 ndi K3,500. Pafupifupi zaka ziwiri mtengo osasuntha, chonsecho dola pamsika wamseri ikukwera tsiku ndi tsiku. Ndiye ndifunse: pa zaka ziwirizo, ndani mwa ife ankapeza petulo wa K2,530 nthawi imene wamufuna? Mtengowo unali pachikwangwani, m'mapampu muli mbee. Ankapindula ndi eni galimoto zikuluzikulu, odziwana ndi anthu, ndi a zigubu aja ogulitsanso usiku. Ine ndikuti kukwezaku kunali koyenera. Mkangano wathu ukhale pa ndalama imene tikuwonjezera pa lita iliyonse: ikupita kuti, ndipo itichotsa bwanji pa makala ndi pa mafuta ogula ndi dola?

Yusufu wa kabaza, Chinamwali:
Aphunzitsi, ndi ulemu wonse, inu mwezi ukatha kanthu kamalowa ku banki. Ine njinga si yanga. Mwini wake amafuna ndalama yake madzulo alionse, kaya ndanyamula anthu kaya ndagona pamzere. Mafuta akwera, ndikakweza mtengo wa ulendo kasitomala akuti bola ndiyende wapansi, ndipo akuyendadi. Mukawaone ophunzira akuchoka ku Chikanda wapansi dzuwa lili pamutu. Ndiye mukamati kunali koyenera, kwa ndani?

Abiti Mussa:
Yusufu mwana wanga wanena zoona. Ine ndimakaoda matemba ku Kachulu. Mafuta atasowa, a masienta anakweza, ati tikugula kwa mavenda. Pano mafuta akwera, akwezanso, ati MERA yakweza. Ifeyo takwezeredwa kawiri pa nkhani imodzi. Ndipo chikwerere, mtengo wokwerera galimoto sunatsikepo chibadwire changa.

Aphunzitsi Phiri, Matawale:
Achimwene Yusufu, sindikuchepetsa vuto lanu ayi. Koma tandiuzani moona, nthawi ya mizere ija munkagula kuti kawirikawiri?

Yusufu wa kabaza, Chinamwali:
Kwa mavenda, nanga n'kutani. Pamzere umakankha njinga kuyambira usiku, kugona pa mpando pomwepo udzudzu ukukudya, thanki ikafika m'mawa anthu n'kuyamba kukanganirana, apolisi n'kubwera, iwe usanafike papampu n'kumva kuti atha. Ukatuluka pamenepo mnyamata akukukodola kuseri, petulo ali m'mabotolo a madzi akumwa, mtengo wowirikiza kawiri, nthawi zina kuposa. Wina amakhala wosakaniza ndi palafini, umangoona njinga ikutsokomola, pulagi yada bii. Zimenezo sindikukana. Koma panthawiyo tinkati ndi zakanthawi, zitha. Izi ndiye zakhazikika.

Tadala, Chirunga:
Moni akuluakulu nonse. Ine ndi mwana wa sukulu, ndikuphunzira za chuma, ndiloleni ndiwonjezepo pang'ono chifukwa pali china chimene timachiphonya. Kuno kwathu mukatsegula bajeti simupezamo mzere wolembedwa kuti sabuside ya mafuta ngati mmene zimakhalira ndi fetereza wotsika mtengo uja. Yathuyi inali yobisika, ndipo ndiyo yoopsa.

Mu 2012, boma la mayi Joyce Banda litagwetsa kwacha, tinayamba kutsata ndondomeko yoti mtengo uzisintha wokha. MERA imawerengera ndalama zofikitsira lita kuno: mtengo wa kunja, mphamvu ya kwacha, ndi mayendedwe kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Zikasintha kupitirira 5 pa 100 alionse, mtengo wapapampu umayenera kusintha. Zikasintha pang'ono, pali thumba lokhazikitsira mitengo limene limatseka mpatawo. Pa lita yomweyo pamakhalanso misonkho ing'onoing'ono, monga wa misewu ndi wa magetsi a kumidzi a MAREP.

Tsono mtengo ukaumitsidwa pamene wofikitsira ukukwera, oitanitsa mafuta, kampani ya boma ya NOCMA ndi makampani omwe si aboma a mumgwirizano wa PIL, amagulitsa motsika kuposa mmene agulira. Thumba lija limauma. Ndalama zimene zikanapita ku misewu ndi ku magetsi a kumidzi zimatsalira m'njira kutsekera dzenjelo. Zili ngati banja lomatenga katundu pagolosale n'kumalembetsa m'kope, ana n'kumaona ngati shuga ndi waulere. Kopelo tilipira ndife tomwe, kudzera m'maenje a mumsewu ndi m'midzi imene ikadali mumdima.

Che Bwanali a chigayo, Jali:
Mwana iwe wafotokoza bwino. Ndiye kuti amene alibe ngakhale njinga yakapalasa ankathandizira nawo kulipirira petulo wa bwana wa Prado?

Tadala, Chirunga:
Ndi momwemo bambo. Sabuside ya papampu imatsata malita. Womwetsa malita 80 walandira thandizo kuwirikiza ka 40 kuposa womwetsa malita awiri. Agogo a ku Chingale amene amakwera galimoto mwa apo ndi apo amalandira nyenyeswa. Si kuno kokha. IMF, bungwe lobwereketsa ndalama ku maiko, inawerengera kuti mu 2022 maboma padziko lonse anawononga madola pafupifupi 1.3 thililiyoni kutsitsa mitengo ya mafuta, gasi ndi malasha, ndipo kulikonse nkhani ndi yomweyi, gawo lalikulu limagwera opeza bwino.

Mphatso ku Lusaka:
Kuno ku Zambia a Hichilema anachotsa sabuside mu Disembala 2021, atangolowa kumene. Anthu analira, osanama. Kenaka anayamba kumalengeza mtengo mwezi ndi mwezi, ukwere kapena utsike. Mtengo ndi wowawa koma sindinagonepo pamzere. Ndipo dziwani kuti nthawi imene wathu anali pa K2,530, munthu wosintha ndalama pamsika wamseri ankaona petulo wa ku Malawi wotchipa kwambiri kuposa wa maiko oyandikana nafe. Nanga zigubu zinkalekeranji kuwoloka malire? Dola yathu yosowayo, ya fodya, inkagulira mafuta anthu a maiko ena.

Agogo a Nasibeko, Sadzi:
Ana inu, masamu anuwo ndawamva. Koma mafuta si masamu okha. Pa 20 Julayi 2011 anthu anatuluka m'misewu chifukwa cha kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja, ndipo anthu pafupifupi 20 anafa, ambiri ku Mzuzu. Ena mwa inu munali ku pulayimale. Boma lililonse limakumbukira tsiku limenelo, n'chifukwa chake likaona chisankho chayandikira limaopa kukhudza pampu. Sindikuwaikira kumbuyo. Ndikungoti amene akufuna kusintha zinthu ayambe waganizira m'mimba mwa munthu, osati kudzuka m'mawa n'kulengeza pawailesi basi.

Tadala, Chirunga:
Agogo mwakhudza penipeni. Ku Nigeria zinachitika momwemo. Pa 1 Januwale 2012 boma la Goodluck Jonathan linachotsa sabuside mwadzidzidzi, petulo kuchoka pa 65 naira kufika cha m'ma 141. Dziko linaima, sitalaka paliponse, mpaka anabweza pa 97. Pa 29 Meyi 2023 Bola Tinubu ananena tsiku lomulumbiritsa lomwelo kuti sabuside yatha, mtengo n'kuwirikiza pafupifupi katatu m'masiku ochepa, zothandizira anthu n'kumabwera m'mbuyo mochedwa.

Indonesia inayesa njira ina. Mu 2005 pokweza mafuta anayambitsa nthawi yomweyo ndalama zopita m'manja mwa mabanja osauka mamiliyoni ambiri. Mu 2007 anayamba kuchotsa anthu pa palafini wophikira, amene boma linkamulipirira ndalama zambiri, n'kumagawa kwaulere kasilinda ka gasi ka makilogalamu atatu ndi chitofu chake. Munthu ankaona ndi maso chimene walandira m'malo mwa chimene wataya. Koma ndisabise, gasi wotchipayo pambuyo pake wasandukanso katundu wolemera pa bajeti yawo, chifukwa olemera nawonso amagula timasilinda tomweto.

Yusufu wa kabaza, Chinamwali:
Achemwali, ku Indonesia ndi ku Indonesia. Kuno akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mukanena zoti ndalama zipite kwa osauka, kuno ndiye Mtukula Pakhomo, ndipo Mtukula Pakhomo salemba mnyamata wa manja ndi miyendo ngati ine. Amalemba agogo, olumala, ana amasiye. N'zabwino, alandire. Koma ife apakatife, a kabaza, a matemba, ogulitsa mandasi pa depoti, timagwera pati? Mtengo umatipeza, thandizo limatidumpha.

Abiti Mussa:
Eeh, pamenepo ndiye wandilankhulira.

Aphunzitsi Phiri, Matawale:
Apa ndikugwirizana nanu kwathunthu achimwene. Mtukula Pakhomo chiyambire ku Mchinji mu 2006 cholinga chake ndi mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito. Sanapangidwire munthu wa m'tauni amene mafuta ndi mpamba wake. N'chifukwa chake ine ndikuti tisamangolira mtengo, tizifunsa cholowa m'malo. Tikangolira mtengo, wandale adzabwera n'kulonjeza kuumitsanso, tidzamuombera m'manja, mizere n'kubwerera.

Bambo Chirwa, opuma ntchito ya nkhalango:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Nonse mukukamba za pampu, koma mafuta enieni a mzinda wa Zomba ndi makala. Dzukani m'mamawa kusanache muime m'mbali mwa msewu wochokera ku Chingale kapena ku Malosa. Njinga zakapalasa zimatsika mondondozana, iliyonse matumba awiri kapena atatu, osokedwa pamwamba ndi luzi kuti makala atundumuke, mnyamata akukoka buleki ndi mphamvu zonse, nkhope yakuda ndi fumbi la makala, nsapato akukhwekhwereza pansi kuti njinga isamuthawe potsetsereka. Thumba lililonse pamenepo ndi mitengo yachilengedwe, misuku ndi tsamba, imene imatenga zaka makumi kuti ikule. Anyamatawo sindiwada. Njala ndi imene imawatuma, ndipo ogula ndife a m'tauni, ena a ife tili ndi magetsi m'nyumba.

Tsono onani mmene nkhani ziwirizi zimakumanirana. Mafuta akakwera, chilichonse chimakwera, gasi naye amakwera, ndipo mayi amene anayamba kuphikira gasi amabwerera ku mbaula ya makala. Magetsi akathima, n'chimodzimodzi. Kukweza petulo kopanda china chotsatira kukhoza kumaliza phiri lathu la Zombali msanga kuposa kale. Ndipo phirili ndi limene limasunga madzi a damu la Mulunguzi amene tonse timamwa. Likangala ndi Domasi zimachokera momwemo n'kukathira m'nyanja ya Chilwa, kumene Abiti Mussa amakaoda matemba, nyanja imene inaphwa mu 1995, ndipo inaphweranso kwambiri mu 2012 ndi 2018. Mapiri akakhala ometedwa mvula yamphamvu imachita zimene tinaona ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023, matope ndi miyala kutsika pa anthu ku Soche, ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi ku Mulanje.

Choncho ine pempho langa ndi limodzi. Ngati pa lita pali msonkho wa misewu ndi wa magetsi a kumidzi, pakhalenso gawo looneka lopita ku kaphikidwe: silinda yoyamba ndi chitofu motsika mtengo, gasi wogula pang'onopang'ono monga mmene timagulira mayunitsi, mbaula za Chitetezo kumidzi, ndi ntchito yolipidwa yodzala ndi kulondera mitengo kwa anyamata omwewo otentha makala. Tili nayo kale ndondomeko ya dziko ya makala ya 2017 mpaka 2027. Mapepala alipo, chimene chimasowa ndi ndalama yokhazikika.

Chisomo, Mpondabwino:
Bambo Chirwa, koma gasi nayenso si wochokera pansi ngati petulo yemweyo? Ndipo timagulanso ndi dola. Tikhala tachoka pati n'kupita pati?

Bambo Chirwa, opuma ntchito ya nkhalango:
Zoona mwanawe, ndi wapansi ndipo ndi wa dola. Ine ndimamuona ngati wongotiwolotsa pamene magetsi akukonzedwa. Koma mtengo wodulidwa lero sudikira kuti magetsi akonzeke. Ndiponso utsi wa m'khitchini ukupweteka amayi ndi ana m'chifuwa lero lomwe.

Yusufu wa kabaza, Chinamwali:
Ine zoti nyengo ikusintha ndimaziona, mvula siikubweranso nthawi yake. Koma anawononga mlengalenga ndi a mafakitale a ku Ulaya, America ndi China. Ife kanjinga kanga aka n'kamene kabweretsa Freddy? Bwanji azilipira okhawo? Kapena nkhani yonseyi ndi ya IMF, angoiveka chovala cha chilengedwe?

Tadala, Chirunga:
Achimwene, utsi wa dziko lathu lonse ndi kadontho poyerekeza ndi wa maiko amenewo, ndipo maiko a chuma chachikulu a G20 analonjeza okha ku Pittsburgh mu 2009 kuti achotsa sabuside zotere, n'kubwerezanso ndi maiko onse ku Glasgow mu 2021, koma ambiri akuperekabe. Ndiye mkwiyo wanuwo uli ndi malo. Koma tiiwale kaye za azungu. Ife tilibe chitsime cha mafuta ngakhale chimodzi. Lita iliyonse imafuna dola, ndipo dola yomweyo ikufunidwa ndi mankhwala a m'chipatala ndi fetereza. Dzuwa la ku Salima silifuna dola mwezi ndi mwezi. Mukagula zipangizo mwagula. Sola ya ku Salima ya mamegawati 60 inayamba mu 2021, ya ku Golomoti ya mamegawati 20 yokhala ndi mabatire mu 2022. Yerekezani ndi majenereta a dizilo obwereka amene dziko linkadalira kuyambira 2018, omwe ankamwa mafuta ambiri. Palinso ethanol wa ku Dwangwa, amene tayamba kupanga mu 1982, ndi wa ku Chikwawa, wosakaniza ndi petulo, wochokera ku nzimbe zathu zomwe. Ine ndikuona kuti nkhaniyi ndi yathu tisanafike n'komwe pa za nyengo.

Mphatso ku Lusaka:
Koma tisadalirenso madzi okha. Kuno Kariba atatsika mu 2024 tinkakhala mumdima pafupifupi tsiku lonse. Kwanuko Nkula, Tedzani ndi Kapichira zonse zili pa Shire m'modzi. Namondwe Ana atagumula Kapichira mu Januwale 2022 mamegawati pafupifupi 130 anachoka kamodzi, kwa chaka ndi miyezi. Damu la magetsi la Mpatamanga nalonso likudzamangidwa pa Shire pomwepo.

Tadala, Chirunga:
N'chifukwa chake sola ndi chingwe cha magetsi cholumikiza ku Mozambique zili zofunika. Ndipo achimwene Yusufu, ku Kigali anzanu a kabaza ambiri akuyendera njinga zamagetsi. Sadikira kutchaja. Amafika pamalo osinthira, kusiya batire lotha, kutenga lodzaza, n'kumapita. Malo otero pa Chinamwali kapena pa Songani, okhala ndi sola padenga, ndi chinthu chimene ndalama ya pa lita ikhoza kuyambitsa.

Yusufu wa kabaza, Chinamwali:
Imeneyo ikakwera mtunda wa ku Ku Chawe itanyamula munthu ndi thumba la mbatata, ndidzakhala woyamba kulembetsa. Koma ibwere pangongole yoti njingayo idzakhale yanga, osati kulemeretsanso bwana wina. Ndipo makanika wa pa Chinamwali aphunzitsidwe, chifukwa ikafa sindingaitumize ku Kigali.

Che Bwanali a chigayo, Jali:
Ine ndikufuna ndibwerere pa magetsi a kumidzi aja. Chigayo changa ndi cha dizilo, chili mkati ndithu kuchoka pamsika, kumene mawaya sanafike. Dizilo akakwera ndimakweza mtengo wogayitsa, ndipo amene amabwera ndi amayi onyamula kandowa ka chimanga pamutu, ena amapempha kuti ndidule ufa m'malo mwa ndalama. Anzanga a zigayo zamagetsi pamsika amagayitsa motsika, moti amayi ena amalolera kuyenda mtunda wonsewo. Amayi amenewa sanakwerepo Prado, koma dizilo amamulipira pa nsima iliyonse. Mukanena kuti pa lita iliyonse imene ndakhala ndikugula pali kandalama ka magetsi a kumidzi, ndiye kuti ndakhala ndikusonkhera mawaya zaka zonsezi. Ndani angandiuze kuti zasonkhedwa zingati, ndipo midzi yotsatira pamndandanda ndi iti?

Aphunzitsi Phiri, Matawale:
Che Bwanali, funso lanulo ndi limene ndinkalifuna. Tsiku limene MERA ikulengeza mtengo, pakhale pepala lina pambali, m'Chichewa, lowerengedwa pawailesi: mwezi uno msonkho wa misewu wasonkhedwa wakuti, waperekedwa wakuti, wa magetsi a kumidzi wakuti, midzi yolumikizidwa ndi yakutiyakuti, ngongole ya oitanitsa mafuta yatsala yakuti. Ndipo mtengo uzisintha pang'onopang'ono monga ndondomeko imanenera, wakunja ukatsika nafenso titsikirwe, osati kuumitsa zaka ziwiri kenaka n'kutigwetsera K969 kamodzi.

Abiti Mussa:
Ukatsika a masienta adzatsitsa? Ameneyo ndiye adzawalondole ndani?

Agogo a Nasibeko, Sadzi:
Ndinu nomwe okwera, mukamayankhula pamodzi kudzera m'komiti ya pamsika. Mmodzimmodzi amakutsitsani panjira.

Chisomo, Mpondabwino:
Chimene ndikuopa ine n'chakuti ndalama yowonjezerayi ingothera kubweza ngongole zakale zija, za m'kope zimene wanena Tadala, zaka n'kumapita, ife osaona silinda kapena waya. Pamenepo Yusufu adzakhala kuti ananena zoona.

Tadala, Chirunga:
Mantha amenewo ndili nawo nanenso achemwali. Ngongoleyo ilipo ndipo iyenera kubwezedwa, apo ayi ogulitsa kunja satipatsanso mafuta. Koma kubweza kukhale ndi malire odziwika, ndipo gawo la magetsi ndi la misewu lisagwiridwenso. Zimenezi aphungu akhoza kuzifunsa m'Nyumba ya Malamulo, komiti yoona zachilengedwe ndi mphamvu ilipo.

Woyang'anira gulu:
Abale, nkhani yakula bwino ndipo palibe watukwana, zikomo. Pali amene akundilembera kumbali kuti mafunsowa asathere pano. Tadala, ungathe kuwasonkhanitsa m'kalata imodzi ya Chichewa yopita kwa aphungu athu ndi makhansala? Muikemo la Che Bwanali la mndandanda wa midzi, la Bambo Chirwa la kaphikidwe, ndi la Yusufu la anthu apakati amene Mtukula Pakhomo sawafikira.

Tadala, Chirunga:
Ndilemba, ndiika pano Lachisanu kuti aliyense akonzepo. Che Bwanali, munditumizire kumbali dzina la mudzi ndi la gulupu wanu, ndi mtunda wochoka pamene pathera mawaya.

Che Bwanali a chigayo, Jali:
Nditumiza madzulo ano. Ndiuzanso amfumu, chifukwa sukulu ya pulayimale ndi kachipatala kathu zili njira yomweyo, adzafuna asayinire nawo.

Yusufu wa kabaza, Chinamwali:
Kalatayo ikatha mundipatse ndikaiwerenge pa siteji. Anyamata ambiri sali pagulu pano, ndipo ali ndi zawo zoti awonjezere, makamaka za ngongole ya njinga.